Mowa unaletsedwa dziko lonse, koma amuna anga ankadzandirabe

Pa 27 Malichi 2020 boma la South Africa linatitsekera m'nyumba chifukwa cha Covid, ndipo linaletsa kugulitsa mowa dziko lonse. Mashabini anatseka, masitolo a mowa anakhoma zitseko, a ludzu lawo nkuyamba kufulula zinanazi m'ndowa. Ine mumtima ndinati Mulungu wamva kulira kwanga. Panali patatha chaka ndi miyezi ndikukangana ndi amuna anga nkhani imodzimodzi: iwo akuti samwa kupitirira mabotolo awiri Loweruka, ine ndikuti munthu wa mabotolo awiri sayenda chonchi Lachiwiri m'mawa.

Masabata atatu anadutsa tili limodzi usana ndi usiku m'kachipinda kathu ku Philippi, mu Cape Town. Sankatuluka, kupatula popita kuchimbudzi chapanja. Koma akadzuka pabedi kuti apite pakhomo, pamtunda woti mwana akhoza kukwawa, ankayenda atakhanyula miyendo ngati akuwoloka mtsinje wodzaza, phewa nkukagunda felemu ya chitseko. Tsiku lina mnyamata woyandikana nafe anandiimitsa pampopi nkundinong'oneza kuti, "Sisi, auzeni achimwene andiuzeko kumene akuupeza, ndalama ndili nayo." Ndinalowa m'nyumba nditafiira maso. Ndinagwada nkusuzumira kunsi kwa bedi, ndinavundukula ndowa zonse, ndinanunkhiza ngakhale zitini za thinazi. Munalibe kanthu. Iwo ali phee pabedi, kumvetsera ine ndikusakatula katundu. Sanandifunse chomwe ndikufuna, ankachidziwa.

Ine kwathu ndi ku Ntcheu, ndinabwera kuno mu 2011 ndipo ndimagwira ntchito yokonza m'nyumba za anthu. Amuna anga ndi Mxhosa wa ku Eastern Cape, ntchito yawo inali yopenta nyumba. Tili ndi mwana mmodzi wamkazi, wobadwa mu 2014. Matenda awo, amene amagwira ubongo nkumadzandiritsa munthu, dzina lake ndi spinocerebellar ataxia ya mtundu wa 7, madokotala amangoti SCA7. Dzinali tinalidziwa patatha zaka pafupifupi zinayi chiyambireni vuto, ndipo zaka zambiri mwa zimenezo tinazitaya tokha chifukwa cha mawu amodzi akuti "waledzera".

Chinayamba si miyendo ayi, anali maso. Mu 2018, ali ndi zaka 36, mayi wina anawapatsa ntchito yopenta chipinda cha ana ake ndi penti ya buluu wotuwa. Iwo anatsegula chitini china, anapenta khoma lonse mobiriwira, ndipo mayiyo atadandaula anakangana naye kuti mtundu ndi womwewo. Madzulo anabwera ndi timapepala tiwiri ta mitundu ya penti kuti ine ndiweruze. Kamodzi kanali ka buluu, kena kobiriwira, mwana wazaka zinayi akanasiyanitsa. Ndinaseka. Iwo sanaseke. Kenako anayamba kulephera kuwerenga manambala ang'onoang'ono a pazitini, chikasu chotuwa nkumachiona ngati choyera. Tinapita kwa opima maso, anagula magalasi, osathandiza. Kumeneko anawaonetsa kabuku kamadontho kobisa manambala kaja, Ishihara, ndipo anakhoza bwinobwino, tinabwerera tikuti maso alibe vuto la mitundu. Ndinadzamva pambuyo pake kuti kabuku kameneko kamagwira anthu osokoneza chofiira ndi chobiriwira, pomwe SCA7 imayamba ndi kusokoneza buluu ndi chikasu.

Panalinso tizinthu tina timene ndinkatimasulira molakwika. Dzuwa likaswa mtengo ankatsinzina ndi kudandaula kuti kuwala kukuwabaya, madzulo kukayamba kuchita kachisisira ndiye ankaona bwinoko. Polankhula nane ankayang'ana pambali pa nkhope yanga, cha kukhutu, ine nkumati akundinyoza kapena pali chimene akubisa. Chonsecho pakati penipeni pa diso ndi pamene panali kufa, ndipo ankandifunafuna ndi m'mbali mwa diso momwe munali mukuonabe.

Mu 2019 anagwa pamakwerero kawiri. Mawu anayamba kukokeka, lilime ngati lalemera, makamaka akatopa. Abwana awo anawauza kuti ntchito ya pamakwerero si ya anthu omwa, nkusiya kuwaitana. Ndipo ine, mkazi wawo, ndinakhala kumbali ya abwanawo.

Zoletsa za Covid zitachepa tinapita kukiliniki, kumeneko anatipatsa kalata yopita kuchipatala chachikulu, ndipo titadikira miyezi tinaonana ndi adokotala a ubongo ndi mitsempha. Zimene anachita poyamba zinalibe makina aliwonse. Anawauza kuti akhudze mphuno yawo kenako chala cha adokotala, kubwereza kangapo. Chala chawo chinkanjenjemera chikayandikira, nkupitirira pambali. Anawagoneka kuti atsetserese chidendene pamwamba pa msongolo wa mwendo wina, chidendene nkumagwa. Anawayendetsa chidendene kutsogolo kwa chala ngati akuyenda pachingwe, sanathe ngakhale mapazi awiri. Atawagogoda pabondo ndi kahamala ka labala, mwendo unalumpha mopitirira. Chimene adokotala anakhalapo nthawi yaitali ndi maso: anaimika zala ziwiri motalikirana nkuwauza kuti ayang'ane ichi kenako icho msangamsanga. Maso a munthu wabwino amadumpha kamodzi. Awo ankayenda pang'onopang'ono ngati akukoka katundu, mutu nkumatembenuka kuwathandiza.

Kenako anafunsa kuti, "Kubanja kwanu alipo amene ankayenda chonchi?" Amuna anga anati palibe. Sananame mwadala. Bambo awo anamwalira iwo ali mnyamata, ndipo chimene anakula akumva nchakuti bambowo mowa unawawononga mpaka kuwachititsa khungu. Yankho limeneli linatitengera chaka china, chifukwa munthu wamkulu akayamba kudzandira popanda mbiri ya kubanja, madokotala amayamba kufufuza zinthu zochiritsika. Anawayeza HIV, chindoko, vitamini B12, chithokomiro, shuga. Zonse zinali bwino. Makina ojambula m'kati mwa mutu otchedwa MRI anaonetsa kuti kaubongo ka kunkhongo, kamene amakatcha cerebellum, kafota pang'ono, pamodzi ndi pons, kachigawo kolumikiza kaubongoko ndi ubongo wonse. Popeza analinso ataonda kwambiri, adokotala anati pali khansa zina zobisika zimene zimachititsa chitetezo cha m'thupi kuukira cerebellum, ndiye bwino ajambule thupi lonse ndi ubongo pamakina a PET.

Za PET ndifotokoze mwatsatanetsatane, chifukwa ndi pamene ine ndinasokonekera kwambiri. MRI imaonetsa maonekedwe a ubongo, kukula ndi kufota kwake. PET imaonetsa mmene ubongo ukudyera. Ubongo ndi kanthu kochepa, pafupifupi 2 peresenti ya kulemera kwa thupi, koma umatha pafupifupi 20 peresenti ya mphamvu zonse za thupi munthu ali chikhalire, ndipo chakudya chake chachikulu ndi shuga wa m'magazi, glucose. Ndiye amatenga shuga wofanana naye wotchedwa FDG, womatidwa kachizindikiro kotulutsa cheza, nkumubaya mumtsempha. Maselo amamumeza poganiza kuti ndi chakudya, koma akalowa amakodwa momwemo. Pamene maselo akugwira ntchito kwambiri pamadzaza FDG wambiri, pamene afooka pamalowa wochepa, makina nkujambula kusiyanako.

Anatiuza kuti asadye kanthu maola 6, madzi okha. Anatichenjezanso kuti tisachedwe, chifukwa mankhwalawo amapangidwa tsiku lomwelo ndipo mphamvu yake imatsika ndi theka pa mphindi 110 zilizonse. Sangakudikire ukusinthasintha mataxi. Tinanyamuka kudakali mdima. Atafika anawabaya chala kuyeza shuga, anawabaya jakisoni, kenako anawagoneka m'kachipinda kamdima kupitirira theka la ola, osalankhula, osagwira foni, osawerenga. Ine ndinkafuna kulowa kuti ndiziwacheza, anesi anandikaniza. Anati ukalankhula, zigawo za ubongo zoyendetsa kulankhula zimayamba kudya kwambiri, chithunzi nkunama. Kujambula kwenikweni sikunawawe. Pobwerera anawauza kuti amwe madzi ambiri ndipo asanyamule mwana pamiyendo mpaka madzulo.

Khansa sanaipeze, tinapuma. Koma adokotala anatembenuza kompyuta nkutionetsa ubongo wodulidwa m'magawomagawo, wopakidwa mitundu ngati utawaleza. Pamwamba ndi kutsogolo panali pofiira ndi pachikasu, kutanthauza kuti pakudya bwino. Kunkhongo, pansi, kunali kobiriwira kolowera ku buluu. Analoza ndi cholembera nkunena kuti, "Mukuona pabuluu apa? Apa ndi pamene shuga akulowa wochepa." Amuna anga anasendeza nkhope pafupi ndi galasi, anapendeketsa mutu, kenako anati, "Adokotala, ine ndi wopenta, koma buluu ameneyo sindikumuona." Adokotala anaika cholembera pansi nkuwayang'ana kanthawi. Anafunsa kuti zimenezi zinayamba liti. Titati mu 2018, miyendo isanayambe, analemba kalata yopita kwa adokotala a maso tsiku lomwelo. Nkhani ya mitundu tinali tisanaitchulepo m'chipinda chimenecho, poti tinkati za maso nzina, za miyendo nzina.

Usiku umenewo ndinaimbira amayi ku Ntcheu. Ndinati, "Amayi, akuti ubongo wa bambo ake sukudya shuga mokwanira." Amayi anati, "Ndiye ali ndi shuga?" Ndinati ayi, shuga alibe. Anati, "Nanga iwe ukudikira chiyani? Munthu akusowa shuga, shuga ali m'sitolo. Uziwathirira wambiri mu tiyi." Ndikanakonda kunena kuti ndinawaseka amayi, koma zoona zake nzakuti kwa masabata asanu amuna anga ankamwa tiyi wa masupuni anayi, ndipo ndinkawagulira zakumwa zotsekemera za ochita masewera zija ndi ndalama ya renti. Nditaulula kwa adokotala anamwetulira, koma sanandinyoze. Anati shuga m'magazi mwawo ndi wokwanira ndipo akufika ku ubongo. Chochepa ndi odya. Maselo a m'kaubongo kaja akudwala, ena afa kale, ndiye ofuna chakudya achepa. Ine ndinazimva pokumbukira chigayo cha kwathu: injini ikafooka, kaya muunjike matumba a chimanga mpaka kudenga, ufa sutuluka wambiri. Chithunzi chija sichinkanena za njala ayi, chinkanena za injini.

Ndinadzaphunzira kuti kaubongo kameneka nkodabwitsa. Kulemera kwake ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a ubongo wonse, koma muli pafupifupi maselo 4 mwa maselo 5 aliwonse a mitsempha ya mu ubongo. Sikayambitsa kuyenda, ntchito yake ndi kuwongola: kuyeza kuti phazi litere pati, dzanja liime pati, lilime ligunde liti. Muli maselo akuluakulu a nthambi zambiri otchedwa Purkinje, dzina la katswiri wa ku Czech amene anawafotokoza mu 1837, ndipo ndi amene amavutika kwambiri pa matenda amenewa. Mowa nawo umasokoneza malo omwewo. Nchifukwa chake woledzera ndi wodwala ataxia amayenda mofanana ndi kulankhula mofanana. Kusiyana kwake nkwakuti woledzera kukacha amawongoka.

Koma PET, ndi ulemerero wake wonse, sinatipatse dzina. Adokotala ananena poyera kuti kufooka kwa cerebellum pa PET kumaoneka pa ataxia zamitundu yambiri, ngakhale ya mowa imene. Amene anatsegula chitseko ndi adokotala a maso. Anaika patebulo tizitsekerero 15 tamitundu kuti amuna anga atindandalike motsatira kufanana kwake. Anatisakaniza, buluu ndi zobiriwira malo amodzi. Anajambula kumbuyo kwa diso ndi makina a OCT nkupeza kuti pakati pa retina, kachikopa kakumbuyo kwa diso kolandira kuwala, papyapyala. Anatifotokozera kuti m'diso muli maselo amitundu iwiri: ena ochuluka pakati, oonera mitundu ndi tinthu ting'onoting'ono masana, ena a m'mbali oonera kukada. Pa amuna anga oyamba aja ndi amene ankafa. Ndipo anati ataxia zotengera kumtundu zilipo zoposa 40, koma yobwera ndi kuwonongeka kwa diso kotereku, m'dziko muno, woyamba kumuganizira ndi SCA7.

Asanatenge magazi anatikhazika ndi mlangizi wa matenda otengera kumtundu. Anatiuza kuti tiganize kaye, chifukwa yankho la magazi amenewa si la munthu mmodzi, limakhudza mwana, abale ndi ana a abale. Tinavomera. Patatha masabata angapo pepala linabwera ndi manambala awiri: 10 ndi 45. Mlangizi anafotokoza kuti m'maselo athu muli timalangizo totengera kwa makolo totchedwa majini, ndipo pa kachingwe kena kosunga majiniwo, chromosome 3, pali jini yotchedwa ATXN7, imene akatswiri anaipeza mu 1997. M'kati mwake muli timalemba titatu, CAG, tobwerezedwa ngati mikanda pachingwe. Anthu ambiri ali ndi mikanda 10 kapena pafupi pamenepo. Ikafika 37 kupita m'mwamba, thupi limapanga puloteni ya mchira wautali imene imaunjikana m'maselo a kaubongo ndi a diso nkumawapha pang'onopang'ono. Aliyense ali ndi majini awiri oterewa, wa kwa mayi ndi wa kwa bambo. Wa 10 anali wabwino. Wa 45 yekhayo anali wokwanira kudwalitsa.

Apa ndichenjeze anzanga olankhula Chichewa. Nditaimbira amayi nkunena kuti madokotala apeza kuti vuto lili m'majini, foni inangoti zii. Kenako anati, "Mwana wanga, ngakhale azungu avomera kuti ndi majini? Ndiye ndikauze abusa." Ndinatha mayunitsi ndikulongosola kuti si majini a ziwanda aja. Masiku ano ndimangoti ndi za m'magazi, za kumtundu, ngati mmene mwana amatengera mpata wa mano wa agogo ake.

Amuna anga anaimbira mayi awo ku Eastern Cape. Apongozi anakhala chete nthawi yaitali, kenako anayamba kutchula. Malemu amuna awo anayamba kudzandira ali ndi zaka za m'ma 50, ndipo inde ankamwa, koma anasiya mowa zaka zingapo asanamwalire ndipo kudzandira sikunasiye. Mchemwali wa malemuwo anafa ali wakhungu, akukwawa, anthu nkumati anamulodza mkazi mnzake. Zonsezi zinkadziwika, kungoti aliyense anali ndi dzina lake la vutolo: uyu mowa, uyu ufiti. Panalibe anaziika pamodzi. Ndinenenso kuti kuchimuna kunali manong'onong'o akuti mkazi wachilendo uja, wa ku Malawi, ndi amene anamudyetsa mwana wawo mankhwala. Pepala lija linandichotsa mlandu umenewo. Sindinasangalale nalo ngakhale pang'ono, chifukwa pepala lomwelo linaloza mwana wanga.

Mlangizi anatiuza kuti padziko lonse SCA7 ndi yosowa, koma ili ndi madera amene inamanga mizu: ku Veracruz m'dziko la Mexico, ku Sweden ndi Finland, ndi kuno ku South Africa, kumene ili m'gulu la ataxia zotengera zopezeka kwambiri ndipo imapezeka makamaka m'mabanja a anthu akuda. Akatswiri a pa University of Cape Town anapeza kuti mabanja a kuno ndi ena a ku Zambia ali ndi chizindikiro chofanana m'magazi, chosonyeza kuti anachokera kwa kholo limodzi lakalekale. Nditamva za Zambia ndinaganiza za ku Mchinji, kumene munthu amadya kadzutsa ku Malawi nkhomaliro nkukadyera kwa azakhali ake ku Chipata. Magazi sadziwa chipata cha pamalire.

Za mwana ndi zimene zimandilanda tulo. Mwana aliyense wa munthu wodwala SCA7 ali ndi mwayi theka wotengera, theka wosatengera, ngati kuponya ndalama m'mwamba. Ndipo mikanda ija simakhala chimodzimodzi ikamadutsa mibadwo, imakonda kuchuluka, makamaka ikadzera kwa bambo. Ikachuluka matenda amayamba msanga ndi kuthamanga. Ndi zimene zinachitika kuchimuna kwanga: bambo zaka za m'ma 50, mwana 36. Pali makanda amene amabadwa ndi mikanda mazana, nkudwala asanayambe nkuyenda komwe, mtima ndi impso zomwe. Ndinauza mlangizi kuti amuyeze mwana wanga lero lomwe. Anakana mwaulemu. Anati mwana wopanda zizindikiro samuyeza, poti palibe mankhwala oletsa matendawa kuyamba, ndipo kudziwa kapena kusadziwa ndi ufulu wake, adzasankha yekha akadzakwana zaka 18. Akadzaonetsa chizindikiro, pamenepo adzamuona mwamsanga. Ndinatuluka nditakwiya, ndikuti mwana ndi wanga, ndinamubereka ndine. Panapita miyezi kuti ndivomere. Ndinadzifunsa kuti yankho likanabwera loipa ndikanatani nalo, ndikanamulerabe ngati mwana kapena ngati maliro oyenda? Akanandipempha njinga ndikanamugulira?

Mankhwala ochiza palibe, ndipo amene akukuuzani kuti ali nawo akufuna ndalama zanu. Mu 2023 achimwene anga ananditumizira pa WhatsApp nkhani yoti ku America avomereza mankhwala a ataxia otchedwa omaveloxolone. Ndinathamanga nayo kuchipatala mtima uli m'mwamba. Nkhaniyo inali yoona, koma mankhwalawo ndi a Friedreich ataxia, matenda ena a jini ina. Mawu akuti ataxia amangotanthauza kusayenda mwadongosolo kwa ziwalo, ali ngati mawu akuti chifuwa. Zifuwa zilipo zambiri.

Chimene chimathandiza ndi ntchito za tsiku ndi tsiku zosasangalatsa kuzifotokoza. Mafizo ndiwo oyamba. Anatiphunzitsa kuimirira ndi kukhala pampando kakhumi, kuima mapazi pamodzi atagwira tebulo, kuponda mabokosi ojambulidwa pansi ndi choko. Akalekeza sabata imodzi kusiyana kumaoneka. Mowa anasiyiratu, ngakhale mabotolo awiri a Loweruka aja, poti sungathire palafini pamoto uli kale padenga. Kuchipatala amawayeza ndi sikelo yotchedwa SARA, yoyambira 0 kufika 40, ndipo nambala ikamakwera ndiye kuti zinthu zikuipa. Anayamba ndi 11, pano ali pa 18. Anachoka pa ndodo, ali pa choyendera cha miyendo inayi, ndipo maulendo aatali timabwereka wilitcheya.

Chimene sindinkayembekeza ndi kutsamwa. Ndinkaopa kugwa, osadziwa kuti choopsa kwambiri chili m'kapu ya madzi. Minofu yomezera nayo imayendetsedwa ndi zigawo zomwe zikudwalazo, ndiye madzi, poti ndi opepuka, amathamangira kunjira ya mpweya, ndipo zolowa m'mapapo zimabweretsa chibayo. Katswiri wa kulankhula ndi kumeza anatiphunzitsa kuti azidya atakhala tsonga, chibwano atachiweramitsa pang'ono, pang'onopang'ono, osalankhula chakudya chili m'kamwa, ndipo asagone atangodya. Phala lolimbirako limatsika bwino kuposa tiyi. Mtedza wokazinga ndi mpunga wouma tinasiya. Kwathu timakonda kucheza pa nsima, koma m'nyumba mwathu nthawi ya chakudya kumakhala chete ngati m'tchalitchi, macheza amabwera mbale zikachoka.

Za maso tinaphunzira mochita kugundika. Nsima yoyera pambale yoyera imasowa, ndiye ndinagula mbale zakuda. Pamphepete pa sitepe ndinamata tepi yoyera poti simenti ndi yodera. Panja amavala kapusi ndi magalasi akuda. Foni yawo tinaitsegula kuti iziwerenga mauthenga mokweza. Katundu m'nyumba sasuntha malo. Mwana amadziwa kuti nsapato zosiyidwa pakati panjira zikhoza kugoneka bambo ake m'chipatala. Ndalama ya pamwezi ya olumala yochokera ku SASSA, bungwe la boma lothandiza ovutika, anayamba kulandira adokotala atalemba kalata. Ndipo m'thumba la malaya amayenda ndi kakhadi kolembedwa m'Chingerezi ndi m'Chixhosa konena kuti sanaledzere, ali ndi matenda a ubongo, pali ndi nambala yanga. Kakhadi kameneka tinakalemba tsiku limene dalaivala wa taxi anawatsitsa panjira.

Anthu akwathu akamva nkhani yathu amati, "Inu muli ndi mwayi, muli kumene kuli makina." Nzoona, ndipo sindinyoza. Koma ndikawerengera chimene chinatifikitsa pa dzina la matenda, makina okwera mtengo aja anathandiza pang'ono. PET inachotsa mantha a khansa, inationetsanso malo amene akudwala, basi. Zimene zinaloza njira zinali zaulere: kunena kwa adokotala kuti maso anayamba miyendo isanayambe, ndi kufunsa akuluakulu funso loyenera. Mukafunsa kuti "kubanja kuno kuli matenda a ubongo?" adzakuuzani kuti kulibe. Funsani kuti ndani ankayenda ngati woledzera, ndani anachita khungu asanakalambe, ndani ankati analodzedwa miyendo, ndi mwana wa ndani anafa atasiya kuyenda. Funsani mbali zonse ziwiri, kuchimuna ndi kuchikazi. Ife a ku Ntcheu ndi madera ena timawerenga mbumba mosiyanasiyana, koma matendawa amadzera kulikonse. Mukatero lembani papepala, mupite nalo kuchipatala, ndipo munene zonse m'chipinda chimodzi, za maso, za lilime, za miyendo, za kutsamwa.

Kupepesa ndinapepesa. Unali usiku wa tsiku limene tinalandira pepala lija. Ndinati, "Bambo ake, mundikhululukire za ndowa zija." Anati, mawu akukokeka, "Ukanaupeza ukanandigawirako?" Tinaseka mpaka iwo anatsamwa, ine nkumawamenya pamsana ndikulira.

Mwezi wathawu anati chitseko chathu chayamba kusuwa ndipo nzochititsa manyazi panyumba ya wopenta. Loweruka tinachichotsa nkuchigoneka pa makreti awiri panja, iwo atakhala pampando, kapusi kumutu. Mwana ndi amene anali maso awo. Anamutuma kuti akatenge chitini cha buluu pakati pa zitini zakale zisanu zosalemba kanthu, zongodontha penti m'mbali. Ine ndinali pampopi ndikutsuka mbale, koma manja anaima. Mlangizi anandiletsa kumuyesa mwana mobisa, akuti ana amazindikira ndipo amayamba kudziopa okha, ndipo ndakhala ndikuyesetsa. Koma ndinapezeka ndikuyang'ana, mpweya nditaugwira. Anasuzumira, anadumpha chobiriwira, ananyamula cha buluu nkubwera nacho akudandaula kuti nchomata m'manja. Bambo ake anaviika bulashi, dzanja likugwedera, mzere woyamba nkukhota. Anamuuza kuti awagwire pamkono. Anapenta awiri mpaka dzuwa linapendeka, ndipo penti ina inathera pa makreti ndi pa siketi yake ya kutchalitchi.